Mmene Thor Anafikira ku Kasisi, ndi Mbalame Imene Inachokako

Lachinayi lililonse m'mawa, mphunzitsi wa ku Kasisi akatenga choko n'kulemba deti pakona ya bolodi, amalemba dzina la mulungu wa eni ake. Ife masiku timangowawerenga kuyambira pa Lolemba: lachiwiri, lachitatu, lachinayi, basi. Angerezi sanatero. Thursday wawoyo ndi tsiku la Thor, mwini bingu ndi mphezi kwa anthu akale a kumpoto kwa Ulaya. Wednesday ndi la Odin, bambo wake wa diso limodzi, ndipo Friday ndi la Frigg, mkazi wa Odin. Ana a lero Thor amamudziwa kuposa aphunzitsi awo. Anamuona pa foni ya mkulu wawo kapena m'kanyumba ka mavidiyo akuzunguza nyundo yake, ndipo amene sukulu yawo ili ndi laibulale mwina anakumana naye m'mabuku a nthano zazitali olembera achinyamata.

Afunseni ana omwewo za mbalame ya nthenga zokongola imene inkatsata gulu la anthu akupha mnzawo, ikuyimba mlandu wawo njira yonse mpaka kumudzi. Nthano imeneyi inalembedwa ndi munthu amene anayambitsa mishoni ya Kasisi, kuchokera pakamwa pa anthu a chigawo chomwechi, zaka zoposa zana zapitazo. Thor, wa kutali kumene madzi amaundana, anafika. Mbalame ya pakhomo inakwera sitima n'kupita ku London.

Kasisi ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi mtsinje wa Ngwerere, ndipo ndege zotera pa bwalo la Kenneth Kaunda zimamveka pamenepo. M'chaka cha 1905 kunalibe mzinda woti n'kuutchula. Mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unali utangomangidwa kumene, njanji inali ikukwawa kulowera ku migodi ya Broken Hill, kumene lero timati ku Kabwe, ndipo Lusaka linali dzina la mfumu ya mudzi, Lusaaka. Likulu la dziko linadzasamukira kuno mu 1935. Eni nthaka anali Asoli, amene mpaka lero amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula pansi pa mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndi anansi awo a kumpoto, Alenje, amene mabuku akale amawatchula kuti Bene Mukuni.

Mu 1905 momwemo ansembe awiri a chipani cha Yesu, onse Afalansa, anafika kumtunda kwa Zambezi. Bambo Joseph Moreau anakhazikika pakati pa Atonga ku Chikuni, kufupi ndi Monze, n'kuyamba kuphunzitsa anthu kulima ndi pulawo ya ng'ombe. Mnzawo, Bambo Jules Torrend, anapitirira kumpoto ndipo anamanga pamene pano pali Kasisi. Pa Chiswahili mawu oti kasisi amatanthauza wansembe, ndiye dzina ndi malo zinagwirizana.

Torrend sanali mlimi ngati Moreau. Anali munthu wa khutu. Anabadwa mu 1861, ndipo ali ndi zaka 30 zokha, mu 1891, anatulutsa ku London buku lalikulu loyerekeza malamulo a zilankhulo za anthu a kum'mwera kwa Africa, limene anatenga Chitonga ngati muyeso woyezera zinzake. Atagwira ntchito kumunsi kwa Zambezi m'dziko la Apwitikizi, anasindikiza galamala ya Chisena mu 1900 ku Chupanga, komwe kuli manda a mkazi wa David Livingstone. Ndiye amene anazoloweretsa akatswiri dzina loti Bantu Botatwe, kunena Atonga, Aila, Alenje ndi abale awo, chifukwa cha mmene onsewa amatchulira nambala yachitatu, ndipo mu 1931 anatulutsa dikishonale ya zilankhulo zimenezi. Anamwalira mu 1936. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Torrend kanali galamafoni yojambula mawu.

Makina amenewa anawapanga Thomas Edison mu 1877. A m'nthawi ya Torrend ankagwira mawu pa kamphika ka phula kozungulira, kokhala ngati chitini chopanda chotsekera. Munthu ankalankhulira m'lipenga, singano n'kumalemba timizere pa phulapo, ndipo kamphika kamodzi kankadzaza m'mphindi ziwiri kapena zinayi. Tangoganizani agogo ozolowera kusimba nthano pamoto, adzukulu akuvomera, tsopano akuuzidwa kuti aweramire lipenga la mzungu ndi kudula nkhani pamene phula lathera. Komabe phindu lake linali lalikulu. Amishoni ambiri ankalemba nthano mwa kuuza wosimba kuti alankhule pang'onopang'ono, ndipo munthu akamalankhula moyembekeza cholembera amataya zokometsera zonse. Galamafoni sinkayembekeza. Inkagwira ndi nyimbo zomwe.

Zimene anatola zinatuluka mu 1921 ku London, kwa osindikiza a Kegan Paul, m'buku lotchedwa Specimens of Bantu Folk-Lore from Northern Rhodesia. Pachikuto penipeni analembapo kuti nthanozo zinasonkhanitsidwa mothandizidwa ndi makina ojambula mawu. M'katimo muli mawu a eni ake m'chilankhulo chawo, ndi Chingerezi chake, ndi nyimbo za m'nthanomo. Apa Torrend anaona chimene aliyense wokulira kumudzi amadziwa osachita kuuzidwa: kuti nthano yathu imaima pa nyimbo. Wosimba akhoza kusintha mayina, kuwonjeza phiri kapena kuchotsa mtsinje, koma akalakwitsa nyimbo ana amamudzudzula pomwepo.

Ina mwa nthano za Alenje m'bukumo ndi ya mnyamata wachifumu amene anapita kukachita malonda ndi anzake. Pobwerera iye anali ndi katundu wambiri kuwaposa, njiru inawagwira, ndipo anamupha panjira n'kupangana zokanama kumudzi. Wophedwayo anasanduka mbalame. Inatera pamtengo n'kuyimba zonse zimene zinachitika. Anaipha, inadzukanso. Anaiphanso, inawapeza kutsogolo. Mpaka inakafika pamudzi iwo akuona, n'kuyimba pamaso pa abale a malemu. Mmalawi aliyense amene anadutsa m'kalasi ya Chichewa waizindikira kale nkhaniyi, ndipo tibwererako.

Tiyeni kaye ku Iceland, chifukwa nakonso kunali Mkhristu wogwira cholembera.

Chilumba chimenechi chinalandira Chikhristu cha m'ma 1000, osati ndi nkhondo koma ndi chigamulo cha pabwalo. Anthu atagawanika pa msonkhano wawo waukulu wa Althing, mlandu anaupereka kwa Thorgeir, wosunga malamulo, amene iye mwini ankapembedza milungu yakale. Anafunda chovala chake usana ndi usiku osalankhula ndi munthu, ndipo atadzuka anagamula kuti dziko likhale ndi lamulo limodzi ndi chipembedzo chimodzi, onse abatizidwe, koma wofuna kuthira nsembe zakale azithira mseri. Patapita zaka mazana awiri, nsembezo zinali zitatha, koma ndakatulo zinatsala. Vuto linali loti alakatuli a kumeneko sankatchula chinthu ndi dzina lake. Ankalankhula m'zining'a. Golide ankatha kumutcha tsitsi la Sif, ndipo kuti umve zimenezo unayenera kudziwa kuti Loki anameta mkazi wa Thor ali m'tulo, n'kukakamizidwa kukapangitsa tsitsi la golide kwa tianthu tafupi tosula zitsulo pansi pa nthaka, tokhala ngati Akafula a m'mbiri yathu. Mwana wobatizidwa amene sanamvepo nthanoyo sakanamva ndakatulo ya agogo ake.

Snorri Sturluson, wobadwa mu 1179, mwini chuma, katswiri wa malamulo ndi kadaulo wa ndale zachinyengo, anaona kuti luso likufa. Cha m'ma 1220 analemba buku lotchedwa Edda kuti alakatuli achinyamata aphunzirepo. Mmenemo ndi mmene dziko linadziwira mwadongosolo za mtengo waukulu Yggdrasil umene unagwira maiko onse, za Odin amene anapereka diso kuti amwe pa chitsime cha nzeru, za makwangwala ake awiri omubweretsera nkhani, za chinjoka chozinga dziko lonse m'nyanja, za imfa ya Baldr wokondedwa amene zinthu zonse zinalumbira kusamupweteka kupatula kachomera kamodzi komera pa nthambi za mitengo ina, ndi za Ragnarök, tsiku limene milungu yomwe idzagonja. Loki wa m'nthanozi ndi Kalulu amene wakula n'kuipa mtima: poyamba mumaseka naye, pomaliza ndiye amene watsogolera adani. Snorri anali Mkhristu ndipo anadzitchinjiriza. Kumayambiriro kwa buku anafotokoza kuti milunguyo inali anthu wamba ochokera ku Troy amene anapusitsa mbuli za kumpoto. Atamaliza kusamba m'manja motero, anasimba nthanozo mokoma ngati wozikhulupirira. Anaphedwa kunyumba kwake ku Reykholt mu September 1241 ndi anthu ogwirizana ndi mfumu Haakon ya ku Norway.

Kusiyana kwa Snorri ndi Torrend, kwa ine, kuli pa funso limodzi lokha: ankalembera yani? Snorri analemba m'chilankhulo chake, kulembera ana a kwawo, ndi cholinga choti atenge nthanozo n'kupangira zatsopano. Bukulo linali nkhokwe ya mbewu. Torrend analembera akatswiri a ku Ulaya ofuna kudziwa mmene Mwafrika amaganizira ndi mmene aneni ake amasinthira. Mawu oyamba a dzina la buku lake ndi omwe asayansi amagwiritsa ntchito ponena za gulugufe wobayidwa ndi singano m'bokosi la galasi. Sindikumunyoza. Popanda iye mawu a osimba aja bwenzi atapita ndi mphepo. Koma mbewu yoikidwa m'galasi siimera.

Ngakhale ya Snorri inatenga nthawi. Buku lina la zikopa, la ndakatulo zakale za milungu yomweyi, lolembedwa cha m'ma 1270, linasowa kwa zaka mazana mpaka 1643 pamene linafika m'manja mwa bishopu Brynjólfur Sveinsson. Iye analipereka kwa mfumu ya ku Denmark mu 1662, n'chifukwa chake limatchedwa Codex Regius, buku la mfumu. Lili ndi masamba 45, ena asanu ndi atatu anathothoka pakati. Linakhala ku Copenhagen mpaka mu April 1971, pamene sitima yankhondo ya ku Denmark inalibweza ku Reykjavik, namtindi wa anthu ukudikira padoko ngati polandira mfumu.

Kuchoka apo njira yake ndi yodziwika. Richard Wagner anazisandutsa masewero a nyimbo amene anaonetsedwa onse pamodzi ku Bayreuth mu 1876. J. R. R. Tolkien, mphunzitsi wa zilankhulo zakale ku Oxford, potulutsa The Hobbit mu 1937 anatenga mayina a Gandalf, Thorin ndi anzake m'ndandanda wa tianthu tafupi tija m'ndakatulo yoyamba ya Codex Regius. Mu 1962 kampani ya Marvel ku America inamuveka Thor chovala chofiira n'kumuika m'mabuku a zithunzi, ndipo ndi ameneyo ana a ku Kasisi amamuona m'mafilimu. Rick Riordan mu 2015 anayamba nthano za Magnus Chase, mnyamata wogona m'misewu ya Boston amene amafa kumayambiriro kwa buku n'kukadzuka ku Valhalla, nyumba ya ankhondo a Odin. Msampha wake ndi umodzi nthawi zonse: tenga mwana wa lero, wa mavuto a lero, umuponye pakati pa milungu yakale.

Mmodzi mwa olemba amenewa anamwako madzi a Zambezi. Nancy Farmer, wa ku America, asanakhale wolemba anagwira ntchito yoyang'anira zomera za m'madzi pa nyanja ya Cahora Bassa ku Tete, kenako yolimbana ndi kashembe ku Zimbabwe. Mu 1996 anatulutsa A Girl Named Disaster, nkhani ya Nhamo, mtsikana wa Chishona wothawa ukwati wokakamiza, amene akupalasa bwato yekha pa nyanjayo akucheza ndi mizimu ya m'madzi. Mu 2004 mayi yemweyo analemba The Sea of Trolls, ya mnyamata Jack ndi mlongo wake ogwidwa ukapolo ndi ankhondo a kumpoto m'chaka cha 793, n'kutengedwa kupita ku dziko la zimphona. Dzanja limodzi, mitondo iwiri. Anasonyeza kuti mizimu ya m'Zambezi imanyamula buku la achinyamata mofanana ndi zimphona za ku Norway. Chowawa n'choti anasonyeza ndi mlendo.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene okonda mafilimu saiganizira, ndipo Kasisi anaiona ndi maso. Apwitikizi atagwetsa ufumu wawo mu 1910 anathamangitsa ansembe a chipani cha Yesu ku Mozambique. A ku Miruru, kufupi ndi Zumbo, anawoloka Luangwa n'kuyambitsa mishoni ya Katondwe, ndipo m'kupita kwa nthawi ntchito ya chigawo chonsechi, ndi Kasisi yemwe, inagwera ansembe a ku Poland. Nyumba ya ana amasiye ya ku Kasisi inayamba mu 1926, ndipo masisitere a ku Poland anaitenga mu 1928. Mu 1946 kunafika wansembe wina wachinyamata, Adam Kozłowiecki, amene anali atakhala zaka zoposa zisanu m'manja mwa chipani cha Nazi, ku ndende za Auschwitz ndi Dachau. Asilikali a SS, amene ankayendetsa ndendezo, chizindikiro chawo chinali zilembo ziwiri zokhala ngati mphezi, zotengedwa ku kalembedwe kakale ka anthu a kumpoto, kamene nthano zimati Odin anakapeza atadzipachika pamtengo masiku asanu ndi anayi. Atsogoleri awo anatola nthano zomwezi n'kuzisandutsa umboni wabodza woti mtundu wawo unabadwa kuti ulamulire ena. Tolkien mwini, polembera mwana wake mu 1941, anadandaula kuti Hitler waipitsa chinthu chimene iye anachikonda moyo wake wonse. Kozłowiecki anaphunzitsa ku Kasisi, anakhala arkibishopu woyamba wa Lusaka mu 1959, anatula udindo mu 1969 kuti Mwafrika, Emmanuel Milingo, alowe, anakhala kadinala mu 1998, ndipo anamwalira ku Zambia mu 2007. Wolemba wathu amene adzatenge Mbona kapena Makewana kuti aonetse kuti mtundu wake ndiwo eni dziko, ena onse ndi obwera, adziwe kuti njirayo ena anaiyendapo kale.

Nanga mbalame ija? Sinafere m'galasi kwenikweni. Alice Werner anagwiritsa ntchito nthano za Torrend m'buku lake la 1933 la nthano za anthu a kuno, ndipo Paul Radin mu 1952 anaika ina mwa izo, ya mbalameyi, m'gulu la nthano za mu Africa limene linasindikizidwa ku New York. Inauluka ndithu, koma m'Chingerezi, kutali ndi Ngwerere, yopanda wovomera nyimbo yake. Pakhomo pake zinthu zinasintha. Mzinda unakula n'kumeza midzi, Chinyanja chinakhala chilankhulo cha msika ndi cha sukulu m'chigawo cha Lusaka, ndipo pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'sukulu ndi pa wailesi, Chisoli ndi Chilenje palibe. Lero Kasisi amadziwika ndi sukulu zake, nyumba ya ana amasiye, ndi malo ophunzitsira ulimi amene M'bale Paul Desmarais wa ku Canada anayambitsa mu 1974, kumene alimi amaphunzira kulima osadalira feteleza wa m'thumba. Mdzukulu wa wosimba uja, akalipeza buku la Torrend, n'kutheka kuti ayamba kuwerenga mbali ya Chingerezi.

Koma tisadzichepetse mopitirira, ngati kuti Snorri sitinakhale naye. Nthano za Chinyanja zinalembedwa Torrend asanatulutse zake: R. S. Rattray, wogwira ntchito ku kampani ya Mandala, anasindikiza zina mu 1907. Ameneyo analinso mlendo wolembera alendo. Amene anachita zimene Snorri ankafuna ndi John Gwengwe. Iye anatenga fupa lomwelo la nthano, la mnyamata wophedwa panjira chifukwa cha chuma chake ndi mbalame yokana kukhala chete, n'kulivala mnofu m'buku la Sikusinja ndi Gwenembe, m'Chichewa, kulembera ana a sukulu. Ana anawerenga, anaopa, analoweza, ndipo dzina la Gwenembe linatuluka m'buku n'kulowa m'kamwa mwa anthu. Ku Lusaka, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo ankakhala pa wailesi ya Zambia madzulo m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi akusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, fisi ndi mfumu, akusoka nthano zakale pamodzi ndi moyo wa m'tauni. Chongo anapeza chimene galamafoni ya Torrend inalephera, chifukwa mawu ake ankabwerera kwa eni ake tsiku lomwelo, anthu atazungulira wailesi ngati moto. Ernst Wendland anadzazilemba ndi kuzifufuza nthano zimenezi. Steve Chimombo naye anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula mapiri ndi kukokolola midzi, n'kuchisandutsa chilankhulo chonenera ndale za nthawi ya Kamuzu zimene munthu sakanazitchula poyera, ndipo analembanso sewero la Mbona, wobweretsa mvula wa ku Khulubvi ku Nsanje.

Zipangizo ndiye zilipo, zina zoposa za ku Iceland, chifukwa zathu zikadali zamoyo. Mapazi a anthu oyamba pa thanthwe la Kaphirintiwa, bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi wa imfa, kangaude amene ulusi wake Chauta anakwererapo pothawa moto umene anthu anayatsa, nsato Thunga ya ku Msinja. Umoyo womwewo ndi umene umamanga dzanja la wolemba. Palibe amene amakwiya Thor akavala chovala chofiira, chifukwa nsembe zake zinatha zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Koma ku Khulubvi anthu akadathira nsembe, ku dambwe kuli zinsinsi zimene wosameta sayenera kuzitchula, ndipo kutchalitchi kuli akulu ampingo amene buku la mizimu amaliona ngati khomo la ufiti. Wolemba wa ku Boston amaseweretsa Odin mmene wafunira. Wa ku Dedza kapena ku Katete akalemba za chilombo cha gule, madzulo ake akadya nsima ndi amalume ake amene ndi mkulu wa kudambwe.

Ana a ku Nigeria okulira ku America anayamba kale kulemba mabuku otere. Nnedi Okorafor anatulutsa Akata Witch mu 2011, ndipo Tomi Adeyemi mu 2018 anamanga Children of Blood and Bone pa milungu ya Ayoruba, imene nayonso ikadali ndi oipembedza. Ku Zambia, Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, analola udzudzu kuti ukhale wovomera nkhani m'buku lake la The Old Drift la 2019, limene chaka chotsatira linapata mphoto ya Arthur C. Clarke. Udzudzuwo umalowerera pakati pa mitu ya bukulo ndi mawu a gulu, monga mmene ana a pamoto amalowerera ndi tilitonse wawo.

Buku la Torrend tsopano lapitirira zaka zana, ndipo malamulo a umwini wa zolemba salimanganso. Linajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti. Likhoza kutsegulidwa pa foni yomwe ija imene mwana wa ku Kasisi amaonerapo Thor, ndipo nyimbo ya mbalameyo ili momwemo m'Chilenje.